Zikundu za Chomba

Mutu 4

1. Msana ulipo, zala palibe

Chomba Chishimba anali ndi msana wabwino, ndipo izi palibe amene ankatsutsa ku Kabwata konse. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ankanyamula thumba la chimanga ngati mtsamiro. Vuto linali zala. Chitsulo chikangofika m'mawondo, zala zake zinkayamba kutseguka zokha, china pambuyo pa chinzake, ngati anthu ozemba msonkhano wa chipani mvula ikayamba. Kenaka chitsulocho chinkagwa pansi, holo yonse n'kugwedezeka.

Mnyamatayu adalemba mayeso a Giredi 7 kawiri, koma malo a Fomu 1 osapezeka. Makolo ake ku Mansa ataona kuti wayamba kungokhala, adamutumiza ku Lusaka kwa malume ake, a Saul, amene iye ankawaitana kuti ba yama monga amachitira kwawo. A Saul ankanyamula katundu pa siteshoni ya mabasi opita kutali. M'mawa Chomba ankawathandiza kumeneko, madzulo n'kuthamangira ku holo ya m'dera kumene kunali kalabu ya onyamula zitsulo.

Chaka chimenecho kalabuyo inkakonzekera tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, mu Okutobala. Patsikuli timu ya Kabwata inkanyamula zitsulo pamaso pa khamu la anthu. Koma anyamata sankasamala za khamulo. Maso awo anali pa akuluakulu a makalabu a makampani a kumafakitale, amene ankabwera kudzaonerera. Mnyamata akawasangalatsa ankamutenga, n'kumupatsa ntchito, ovolosi ndi nsapato zachitsulo kuzala. Kwa munthu amene sukulu idamukana, khomo lina silinkaoneka.

M'timumo munatsala malo amodzi, ndipo owafuna anali awiri: Chomba ndi mnzake wina wa ku Chilenje dzina lake Mwape.

Kochi wawo, a Reginald Kampamba, ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Ataona vuto la Chomba anamutengera pakona ya holo pamene panali zida zimene adapanga okha. Panali mpiringidzo wonenepa wodulidwa ku ekiselo ya lole, woti zala sizinkakumana ukaugwira. Panali thabwa losalala lokhala ndi ngowe kunsi, limene munthu ankalitsina ndi nsonga za zala n'kukweza nalo mbale yachitsulo. Panalinso ndodo yokulungira chingwe chokoka cholemera, ndi chipanira cha sipuling'i ya galimoto chimene anyamata adachitcha Apongozi, chifukwa aliyense ankachipatsa moni mwaulemu n'kuchoka msanga.

Chomba anazikonda zida zimenezi. Anafinya, anatsina, anakulunga, mpaka mikono inayamba kuuma ngati mitengo. Zala zinasiya kuthawa. M'munsi mwa zalazo munamera zikundu, khungu lolimba lija limabwera ndi ntchito, ndipo zinakula n'kutumphuka ngati nyemba. Mnyamatayo ankazinyadira koopsa. Ankazionetsa ngakhale kwa anthu amene sanamufunse.

2. Mawu a kochi

Tsiku lina a Reginald anamuona akuzisisita pamaso pa anzake.

"Mwaiche, bwelesa manja," anatero, pomuitana ndi mawu otanthauza mwana.

Chomba anatambasula manja onse awiri akumwetulira. Ankadikira kuyamikiridwa. Koma kochiyo anatsina chikundu chimodzi, n'kuchigwedeza uku ndi uku, kenaka anapukusa mutu.

"Ivi vakula maningi. Mvela bwino nikuuze, chifukwa sinikonda kukamba kabili. Khungu yolimba ni yabwino, koma ikatumphuka so, yasanduka mudani wako. Ona mupilingizo wa mpikisano uyu. Pogwila pali tumizele monga tupa. Ukanyamula cholema, chisulo chifuna kuyenda pansi, zala zifuna kuyenda kumwamba, pakati pasala chikundu. Chizapindika, chizang'ambika. Ndipo sichichoka cheka, mwaiche, chichoka na nyama. Nenze na munzanga ku Kitwe, munthu wamphamvu kuchila ise tonse. Anagwesa chisulo pamenso pa bakazi bake na bana, magazi mbwee, chifukwa cha kanthu kang'ono aka. Manje iwe uchite so: ukasamba, khungu ikali yofewa, tenga mwala uja bamai bapalila kumapazi. Lelo pala pang'ono chabe. Mailo futi pang'ono. Osathamanga. Pogona zola mafuta. Yamba lelo, nthawi ikaliko. Wamvela?"

"Namvela, ba kochi."

Ndipo anamvadi. Akubwerera kunyumba mawuwo ankamveka anzeru kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

3. Mawu a malume

Atasamba madzulo amenewo, anatenga mwala wa mai Martina, akazi a malume ake, n'kukhala nawo pakhonde. Asanaukhudzitse n'komwe padzanja, a Saul anatulukira pageti atatopa, chingwe chawo chakhonje chili paphewa.

"Iwe Chomba, uchita chani na mwala wa bakazi?"

"Ba kochi bakamba ati nipale vikundu, ba yama."

A Saul anaponya chingwe pansi. Anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana naye, n'kutambasula manja awo. Anali manja oti munthu angathe kuyatsirapo machesi.

"Ona aya. Zaka zonse izi nanyamula masaka, mabedi, njinga, mbuzi yamoyo, na bokosi ya malilo nakwezapo pamwamba pa basi ya ku Chipata. Chingwe ichi chidya manja monga mulilo. Chamene chinisunga ni chani? Ni vikundu. Mulungu sapanga chinthu chaulele, mwana wa mulongo wanga. Phazi anaipasa nsapato yake, na kwanja anaipasa nsapato yake. Manje iwe ufuna kuvula nsapato pamene ulendo wafika paminga? Nenze na mwaiche wina pa siteshoni, anali kuzola mafuta monga mukwati. Sabata imozi chabe, manja yonse matuza, anabwelela kumunzi alila. Ba kochi bako sinibanyoza iyayi. Koma beve banyamula visulo vosewela, vamene sivipita kulikonse. Banyamula, baika pansi, batotela manja. Ine ninyamula vamene vidyesa nyumba ino. Bamai bako bananipasa iwe kuti nikupange mwamuna, osati kalaliki wa manja monga buledi. Bweza mwala uyo kwamene wautenga."

Chomba anabweza mwalawo. Mawu awanso ankamveka anzeru kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo apa m'pamene mutu wake unayamba kuzungulira.

Masiku anayamba kupita. Ku siteshoni chingwe chikamukwapula m'manja osamva kupweteka, ankati malume akunena zoona. Ku holo mpiringidzo ukamutsina chikundu, ankati kochi ndiye akunena zoona. Madzulo ankatenga mwala, kuuyang'ana, n'kuubwezanso. Mai Martina anafika potopa naye.

"Mwala uyo uufuna kapena suufuna? Uzautha na menso."

"Imwe muona bwanji, ba mayo? Nipale olo nisapale?"

"Ine manja yanga yaziba sopo na malasha. Funsa bene bake ba nkhani."

Amenewo anali malangizo abwino kuposa onse, koma Chomba sanawatole. Kunena zoona mnyamatayu ankaopa. Ankaopa kuuza kochi kuti malume akana, kuopa kuoneka mwana. Ankaopanso kuuza malume kuti kochi ali ndi chifukwa chake, kuopa kuoneka wamwano m'nyumba imene ankadyamo. A Reginald akamufunsa ngati wayamba kupala, ankathira choko chambiri m'manja kuti zikundu zisaoneke, n'kuyankha kuti zikuyenda.

4. Nzeru za Lachisanu

Mayeso osankha mwini malo aja anaikidwa Loweruka. Lachisanu masana Chomba anakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, akuyang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina. Zikundu zinali zitakula kuposa tsiku limene kochi adazitsina.

Mwadzidzidzi nkhope yake inawala. Akulu ndi awiri, manjanso ndi awiri! Nanga vuto lili pati? Dzanja lamanja likhale la malume, lamanzere la kochi. Aliyense akafunsa, amuonetsa lake. Anadziseka yekha poona kuti nzeru yapafupi chonchi yamutengera masiku onsewa.

Koma panali kanthu kena. Kochi adati azipala pang'onopang'ono masiku ambiri, ndipo masikuwo anali atatha. Chomba anaganiza zolipira onse pa kamodzi. Mwala anauona wochedwa, choncho anapita kwa kalipentala woyandikana nawo n'kupempha kachidutswa ka sandipepa.

Anapala popanda kunyowetsa n'komwe. Fumbi loyera linagwera pa kabudula. Anapalabe mpaka zikundu zonse za kumanzere zinatha, pansi pake n'kuoneka khungu lofiirira, losalala ngati la khanda. Mphepo itawomba pamenepo anamva kuwawa, koma anadzilimbitsa mtima kuti mankhwala enieni amawawa.

Mafuta odzola munalibe m'nyumbamo, pakuti chaka chimenecho ngakhale sopo ankamuimira pamzere. Anazemba kulowa kukhitchini kuti aviike chala m'botolo la mafuta ophikira. Mai Martina anamupeza chala chili m'khosi mwa botolo.

"Iwe! Saladi iyo naimilila kuchokela m'mawa ku shopu. Ufuna kukazinga manja?"

Anatuluka wopanda mafuta. Pa chakudya chamadzulo anadya ndi dzanja lamanja monga mwa masiku onse, lamanzere atalibisa pansi pa tebulo. A Saul anaona zikundu zili m'malo mwake ndipo anagwedeza mutu mokhutira.

"Mailo sinipita ku nchito. Nizabwela kuona mwipwa wanga apambana," anatero.

5. Loweruka

Kunatentha tsiku limenelo, kutentha kwa Okutobala kumene malata amalira okha. Holo inadzaza ndi anyamata a m'dera, ndipo tcheyamani wa chipani anapatsidwa mpando kutsogolo, pansi pa chithunzi cha pulezidenti. A Saul anafika atavala jekete la kutchalitchi, n'kuima pakhomo manja ali kumbuyo.

Pakati pa holo panagona mipiringidzo iwiri ya mpikisano, yolemera mofanana. A Reginald analongosola lamulo mwachidule.

"Muzazula pamozi, muimilile tswii, mugwile. Wamene ayamba kugwesa, wasala. Bwelesani manja nione."

Mwape anaonetsa ake. Chomba anatambasula lamanzere mofulumira, lamanja n'kulilowetsa m'chitini cha choko ngati wotanganidwa. Kochi anakwinya nkhope poona kufiira kwa khungulo.

"Wapala liti apa?"

"Kale, ba kochi."

Tcheyamani anali atayang'ana kale wotchi yake, choncho a Reginald sanafunsenso. Anakweza dzanja.

"Gwilani. Zulani!"

Zitsulo ziwiri zinanyamuka pamodzi. Chomba anaimirira mosavuta, ndipo zala zake, zija zinkathawa kale, zinagwira ngati pulayazi. Apongozi anali atagwira ntchito yawo. Atayang'ana kumbali anaona Mwape akunjenjemera kale miyendo, misempha ya m'khosi ili panja. Anyamata anayamba kukuwa dzina la Chomba.

Kenaka dzanja lamanzere linayaka moto. Timizere ta mpiringidzo tinalowa m'khungu lanthete lija ngati mano. Thukuta linasakanikirana ndi choko n'kulowa momwemo. Chomba analuma mano. Kuti apumitse dzanjalo, analimasula pang'ono n'kukankhira kulemera konse kumanja, kudzanja la malume, limene ankalidalira.

Mpiringidzo unapendekeka, n'kugudubuzika pang'ono kulowera kunsonga za zala. Unakoka zikundu zija, zinapindika, ndipo Chomba anamva ngati wina wang'amba nsalu m'dzanja mwake. Sanaganize zosiya. Manja anangotseguka okha.

Chitsulo chinagwa ndi mkokomo.

Mwape anali chiimire, maso ali otseka, nkhope ngati ya munthu womwa mankhwala owawa. Sanadziwe n'komwe kuti wapambana mpaka kochi atamuuza kuti atsitse.

"Malo ni ya Mwape," anatero a Reginald.

Chomba anamva mawuwo ngati akuchokera kutali. Ntchito, ovolosi, nsapato zija, zonse zinapita ndi mawu anayi amenewo. Zinamupweteka kwambiri kuposa manja, chifukwa ankadziwa kuti mphamvu anali nazo zoposa za mnzakeyo.

6. Dzanja ili ndi dzanja ilo

Akulu awiri aja anamufikira nthawi imodzi, wina kuchokera pakhomo, wina kuchokera kutsogolo. A Saul anagwira dzanja limene linali pafupi nawo, lamanzere. Ataona khungu lofiira lodzaza matuza ophulika, anakuwa.

"Mwaona, ba kochi? Mwaona mwala wanu? Mwamusenda mwana monga mbatata!"

A Reginald anali atagwira lamanja. Zikundu ziwiri zinali zitasenduka, zikulendewera, magazi akutsikira kuchigongono.

"Mwala wanga uti, ba mudala? Onani apa! Sanapale olo pang'ono. Ni ndani anamuuza kusunga ivi?"

"Ni ine! Ndipo asembe anasunga, sembe..."

A Saul anaima pakati pa mawu. Anasuzumira dzanja limene kochi anagwira. Kochi nayenso anasuzumira limene malume anagwira. Chomba anali pakati, mikono ili yotambasuka uku ndi uku ngati shati pachingwe, ndipo anyamata amene anayamba kuseka analeka ataona nkhope za akuluwo.

"Chomba, ichi n'chani?" anafunsa a Saul motsitsa mawu.

"Iyi ni yanu, ba yama," anayankha mnyamatayo akuloza lamanja ndi chibwano. "Iyi ni ya ba kochi. Nenze nifuna kumvela bonse."

"Na mwala unachita so?" anafunsa kochi.

"Sandipepa. Mailo masana," anayankha Chomba, kutanthauza dzulo lake.

A Reginald anatseka maso kanthawi. Atawatsegula sanakalipe, ndipo Chomba akanakonda akanakalipa.

"Mwaiche, sunamvele bonse. Sunamvele olo umozi. Ine ninakamba mwala, iwe watenga sandipepa. Ninakamba pang'ono pang'ono, iwe wachita siku imozi. Ba yama bako naonso sibananame. Pa chingwe vikundu visunga munthu, pa chisulo ichi vimupaya. Ni nchito zibili zosiyana. Sembe unabwela kuniuza ati kunyumba bakamba so, sembe ninayenda nakamba nabo, nkhani yasila. Koma iwe unasankha kunama uku na uku. Bakulu banakamba ati mapanga abili avumbwisa. Lelo wavumbwa, ndipo malo yapita. Sinizakunamiza ati yazabwela chaka chino."

A Saul anavula jekete lawo n'kulikoleka paphewa. Manyazi ndi chisoni zinkaoneka pankhope pawo, koma iwo sanali munthu wogonja pagulu.

"Basi, vamasewela vasila," anatero. "Tiye kunyumba uviike manja mu madzi ya mchele. Yakapola, nizakamba na kapitao akupase malo yako pa siteshoni. Nchito ilipo, ndipo siifuna kutoteleledwa. Koma ukabwela na ine, visulo ivi usiye. Sinifuna kuona magazi ya mulongo wanga pansi futi."

Kochi anali atatsegula kabokosi ka mankhwala pa benchi. Anatulutsa lumo ndi bandeji.

"Ukasala, nizadula khungu iyo bwino, nimange. Ukapola uzayambila pansi, pa mupilingizo wa bana, ndipo chingwe cha pa siteshoni suzachigwila mpaka nikakuuze. Chaka chamailo chiliko. Koma ba yama bako bakamba zoona pa chinthu chimozi: manja yabili aya yafunika mwine umozi."

A Saul anayenda mpaka pakhomo n'kuima pamenepo osatembenuka. A Reginald anakhala pa benchi, bandeji ili m'manja, osamuitana.

Chomba anayang'ana kukhomo kumene kunali munthu womudyetsa. Anayang'ana kubenchi. Anafunafuna nzeru ina yogawa pakati ngati ya dzulo, koma nthawi ino panalibe chogawa, pakuti miyendo yonse iwiri imapita kumodzi. Magazi anadontha pasimenti.

"Chomba!" anaitana a Saul ali chifulatire. "Niyende?"

Mnyamatayo ananyamula phazi, n'kulunjika kubenchi.